Za Maseminale Athu ndi Atsogoleri a Mpingo

Chaka chilichonse, pa Lamulungu lachinayi la Pasaka, lija timalitcha la Mbusa Wabwino, Eklezia amatipempha kuti tipempherere maitanidwe, ndipo ife sitikana. Timapemphera, timaponya m'mbale, ena timatula chimanga ndi nyemba kuti zipite kuseminale, ndipo mabanja ena apereka chopambana zonsezi, ndiye mwana wa m'nyumba mwawo. Tsono popeza ndife amene tipereka mbewu, ndifenso amene tidzadya za m'mundamo, si chipongwe ayi ngati tifunsa kuti: kodi maseminale athu akukonza atsogoleri oyenera Mpingo umene ulipo lerowu, kapena Mpingo umene unalipo kale? Ndafunsa izi ndi ulemu wonse kwa Ambuye Aepiskopi ndi kwa Abambo aphunzitsi a m'maseminale, pakuti katundu amene asenza ngwolemera.

Mawu akuti seminale ndi a Chilatini, ndipo tanthauzo lake ndi nazale, pamalo pofesa mbewu kuti zimere zisanawokeredwe m'munda. Aepiskopi amene anasonkhana mumzinda wa Trent anaona kuti ansembe ambiri a masiku awo anali osaphunzira mokwana, ndipo m'chaka cha 1563 analamula kuti dayosizi iliyonse ikhale ndi nyumba yolereramo anyamata ofuna unsembe. Anali mankhwala oyenera nthenda ya nthawi imeneyo. Nyumbayo inakhala ngati mpanda: mnyamata achoke m'phokoso la dziko, adzuke ndi belu, agone ndi belu, aphunzire kupemphera ndi kuganiza.

Nazale yotereyi inafika kuno ku Africa pamodzi ndi amishoni. Ku Uganda ana a dziko awiri, Basil Lumu ndi Victor Mukasa, anadzozedwa unsembe m'chaka cha 1913. M'chaka cha 1919 Papa Benedict XV analemba kalata yotchedwa Maximum Illud, nachenjeza amishoni kuti asalere ansembe a m'dzikomo ngati anyamata ongotumidwa, koma awaphunzitse mokwana kuti tsiku lina adzatsogolere Mpingo wa kwawo. Kwathu kuno chipatso choyamba chinali Bambo Cornelius Chitsulo a ku Mua, amene anakaphunzira kutali ku Kipalapala, pafupi ndi Tabora, nadzozedwa m'chaka cha 1937. Iwo omwewo anadzakhala Episkopi woyamba wa mtundu wathu, nayang'anira Dedza. M'chaka cha 1939 seminale yaikulu ya Kachebere inatsegulidwa ku Mchinji, pamalire, ndipo kwa zaka zambiri inalera anyamata a kuno ndi a ku Zambia pamodzi. Ya Petulo Woyera ku Zomba inadza pambuyo, m'chaka cha 1977.

Munthu asaganize kuti ine ndinyoza maphunziro akuya a m'nyumba zimenezi. Iyayi ndithu. Pa 8 Marichi 1992, pamene kalata ya Aepiskopi ya nyengo ya Lenti inawerengedwa m'matchalitchi a dziko lonse, nidzudzula poyera zosalungama za boma la chipani chimodzi, tinaona tonse phindu la abusa odziwa kuganiza, odziwa chiphunzitso cha Eklezia, osaopa kutchula chinthu dzina lake. Wansembe wosaphunzira ndi tsoka pa nkhosa. Chimene ndinena ine n'chakuti pali maphunziro ena amene akusowa, ndipo kusowa kwake kumaonekera kwa ife a kumudzi msanga koposa kwa iwo a m'kalasi.

Tawerengani zaka izi. Abambo a Montfort anafika pa Nzama, m'dziko la Angoni ku Ntcheu, m'chaka cha 1901, ndipo a White Fathers anakhazikika pa Mua m'chaka cha 1902. Wansembe woyamba wakuda anadzozedwa m'chaka cha 1937. Pakati apo pali zaka 36. Nanga m'zaka zonsezo anagwira Mpingo m'midzi ndani? Abambo anali owerengeka, oyenda pansi kapena panjinga, ofika pamudzi mwakamodzikamodzi. Amene anakhala ndi anthu usana ndi usiku anali aphunzitsi a m'sukulu za udzu: iwo anaphunzitsa ana kuwerenga, anaphunzitsa akulu katekisimu zaka zinayi za ukatekumeni, anabatiza odwala a kayakaya, anaika maliro. Sikuno kokha. Ku Karema, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, Adrien Atiman, amene anawomboledwa mu ukapolo ali mwana naphunzira zaudokotala ku Malta, anatumikira ngati sing'anga ndi katekisti kuyambira m'chaka cha 1889 kufikira imfa yake m'chaka cha 1956. Ndipo lero, chinkana ansembe a mtundu wathu achuluka, Akristu achuluka koposa. Parishi imodzi ili ndi nthambi zambirimbiri, ndipo pali matchalitchi a kumidzi amene aona Misa kamodzi pamwezi, ena kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu, makamaka nthawi ya dzinja milatho ikakokoloka. Malamulungu ena onsewo aima kutsogolo ndi katekisti, kapena gulupa, kapena mayi wina wodziwa kuwerenga.

Ambuye Patrick Kalilombe, amene anaphunzitsapo ku Kachebere asanakhale Episkopi wa Lilongwe m'chaka cha 1972, anaona chinthu chimenechi bwino lomwe. Kuyambira 1973 kufikira 1975 anachititsa msonkhano wa dayosizi yonse umene unayambira pansi, kwa Akristu eni ake, ndipo mfundo yake inali yakuti Mpingo ndife tonse: udzitumikire wokha, udzifalitse wokha, udzidalire wokha. M'zaka zomwezo Aepiskopi a maiko a AMECEA anagwirizana kuti miphakati, imene kwina amaitcha malimana, ikhale maziko a ntchito yonse ya ubusa. Kuchokera pamenepo utsogoleri wa Mpingo unasanduka. Mphakati uliwonse uli ndi wapampando, mlembi, msungichuma, woyendera odwala, wolangiza mabanja, wotsogolera mapemphero a pamaliro. Muwerenge miphakati ya parishi yanu, muwerengenso maudindo a mumphakati umodzi, ndipo mudzapeza kuti Bambo Mfumu ali ndi atsogoleri mazana pansi pawo. Ambiri a iwo anasankhidwa Lachinayi lina madzulo pansi pa mtengo wa mango, ndipo Lamulungu lotsatira anayamba ntchito popanda wowauza kagwiridwe kake.

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Wansembe wa masiku ano sangathe kukhala mbusa wa nkhosa iliyonse payokha. Ntchito yake yaikulu, pambuyo pa Nsembe ya Ukaristia ndi masakramenti, ndiyo kulera atsogoleri amene adzaweta nkhosazo iye kulibe. Si chinthu chachilendo chimenechi. M'buku la Eksodo, mutu 18, Yetero anapeza mkamwini wake Mose akuweruza milandu ya anthu yekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, namulangiza kuti asankhe anthu okhulupirika agawane nawo katunduyo. Paulo Woyera anauza Timoteo kuti zimene anamva azipereke kwa anthu okhoza kuphunzitsanso ena. Koma mnyamata amene wakhala m'seminale yaikulu zaka 7 kapena kupitirira amatuluka wodziwa kuchita zinthu iye mwini: kulalika, kuchita Misa, kuyankha mafunso. Kuchititsa ena, ndi kukondwa poona kuti ena akuchita bwino, ndi luso lina, ndipo silimera lokha.

Kuphunzitsa munthu wamkulu sikufanana ndi kuphunzitsa mnyamata wa m'kalasi. Mseminale anazolowera kuti mphunzitsi aima kutsogolo nalankhula, iye nalemba, pa mapeto pake mayeso. Tsono akadzozedwa, naitana agulupa ku maphunziro a tsiku limodzi, achita chimene anachitiridwa: alankhula maola atatu za tanthauzo la Eklezia, iwo nagwedeza mitu mwaulemu, nadya nsima, nabwerera kwawo monga anabwerera. Gulupa amene analekera sukulu mu Sitandade 5 sali wopusa ayi; waika maliro ochuluka kuposa amene Bambo wachinyamatayo anawaona, wayanjanitsa mabanja, wamangitsa tchalitchi ndi njerwa zoumba Akristu. Chimene afuna ndicho kufunsidwa zimene adziwa kale, kuonetsedwa chimene chikusowa, ndi kuyesa pamaso pa anzake kufikira atazolowera. A ku Lumko, ku South Africa, anakonza njira zotere kalekale, ndipo masitepe 7 aja ogawana Mawu a Mulungu, amene miphakati yambiri iwadziwa, anachokera kumeneko. Pempho langa n'lakuti luso limeneli likhale phunziro lenileni m'seminale, lokhala ndi mayeso ake ngati Malembo Oyera ndi malamulo a Eklezia. Ndipo mayesowo asakhale a papepala. Mseminale apatsidwe Akristu 10 a panthambi ina, awaphunzitse kutsogolera mapemphero a Lamulungu popanda wansembe ndi mwambo wa maliro. Iye atachoka, aphunzitsi ake apite okha akaone ngati anthuwo akutha. Akatha iwo, ndiye kuti wakhoza iye.

Chachiwiri ndi kumva. Ndidziwa parishi ina, dzina lake sinditchula, kumene kunafika wansembe wachinyamata, wopemphera, wolalika mokoma, wosakonda ndalama. M'mwezi wake woyamba anaona kuti atsogoleri a panthambi ina akalamba, ndipo anaika achinyamata m'malo mwawo, nalengeza zimenezi pa Misa. Mwina pa mfundo analondola. Koma sanayambe wakhala pansi ndi akuluwo, sanafunse amene anapereka malo a tchalitchicho, sanadziwe kuti mmodzi wa ochotsedwawo ndi mbale wa nyakwawa. Akuluwo sanakangane naye. Anangoti, "Chabwino, Bambo," ndipo inu nonse mudziwa tanthauzo la chabwino wotereyu. Njerwa zimene zinaumbidwa kuti akuzire tchalitchi zinanyowa ndi mvula osawotchedwa, mtulo unatsika, ndipo mabanja ena anayamba kupemphera kwa ena ake a tsidya la msewu, kumene mbusa amawadziwa maina. Mtima woipa panalibe. Panalibe wina anamuuzapo kuti kwathu kuno nkhani imayamba yapsa kuseri isanafike pabwalo, ndi kuti mfumu yanzeru imalankhula pomalizira. Papa John Paul II, m'kalata yake ya m'chaka cha 1992 yotchedwa Pastores Dabo Vobis, anati kulera wansembe kuli ndi mbali zinayi, ya umunthu, ya uzimu, ya nzeru ndi ya ubusa, ndipo anaika umunthu kukhala maziko a zinazo. Ife mawu amenewa sitifuna womasulira.

Ndi nkhani zanji zimene zimadza pakhomo pa Bambo Mfumu Lolemba m'mawa? Sizikhala za mikangano ya akatswiri a ku Ulaya. Kumadza mkamwini wothamangitsidwa kuchikamwini mkazi wake atamwalira; ankhoswe a mbali ziwiri osamvana; gogo wonamiziridwa ufiti, amene adzukulu ake afuna kumutenthera nyumba; makolo ofunsa ngati mtsikana wawo angapite kuchinamwali; mnyamata wolowa gule amene afuna ubatizo. Masiku a makolo athu amishoni ndi a Nyau analimbana kolimba m'madera a Dedza, ndipo mabala ake sanapole msanga. Koma pa Mua pomwepo Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni m'chaka cha 1976, nasonkhanitsa nzeru za Achewa, Angoni ndi Ayao kuti Mpingo uyambe wamvetsa usanaweruze. Nzeru zotere zisakhale za ulendo wa tsiku limodzi wokaona zosema. Ndipo bwanji nyakwawa yachikristu, kapena namkungwi wachikristu, kapena katekisti wa imvi, asaitanidwe kukaima kutsogolo kwa aseminale ndi kuwaphunzitsa? Alibe madigiri, inde, koma akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ndiwonjezepo za chilankhulo. Amishoni akale ankayamba ndi kuphunzira chinenero cha anthu asanawalole kulalika. Ana athu aganiza kuti achidziwa kale, chikhalirecho zaumulungu zonse anaziphunzira m'Chingerezi, ndipo pofuna kufotokoza za chaulere cha Mulungu kwa agogo, lilime limawakanika. Wina wa Chichewa atumizidwa kwa Alomwe kapena kwa Asena osadziwa n'kupereka moni komwe.

Za ndalama ndinena mwachidule, pakuti n'zodziwika. Thandizo lochokera kunja lachepa, ndipo parishi ikhala ndi moyo ndi mtulo, masika ndi zopereka za anthu osauka. Malamulo a Eklezia a m'chaka cha 1983, pa nambala 537, alamula kuti parishi iliyonse ikhale ndi bungwe loona za chuma. Wansembe amene sanaphunzire kulemba buku la ndalama, kusunga malisiti ndi kuwerenga lipoti poyera, adzanamiziridwa kuba chinkana sanabe, ndipo sangathe kuphunzitsa msungichuma wa mumphakati chimene iye mwini sachidziwa. Miphakati yambiri yafa chifukwa cha kabuku kamodzi kosalembedwa bwino.

Inu alimi a fodya a ku Mchinji ndi Kasungu mudziwa kuti mbande siichoka panazale mwadzidzidzi. Masiku owokera akayandikira mumachotsa udzu wa pabedi, muchepetsa madzi, kuti mbandeyo ikhwime ndi dzuwa. Yoleredwa mumthunzi mpaka tsiku lomaliza imafota m'munda. Maseminale athu ali nayo nthawi yotumiza anyamata kumaparishi kukaphunzira ubusa, ndipo n'chinthu chabwino. Koma kawirikawiri mnyamatayo afikira kunyumba ya ansembe, adya patebulo la ansembe, akwera galimoto la ansembe, ndipo kumudzi afikako ngati mlendo wophikiridwa nkhuku. Wangochoka pamthunzi wina kupita pamthunzi unzake. Ine ndikanakonda kuti miyezi ingapo ya nthawiyo akhale panthambi yakutali, pafupi ndi nyumba ya katekisti, ayende naye panjinga, agone nawo pasiwa, aone ndi maso ake Lamulungu la anthu opanda Misa, amve zimene Akristu amanena Bambo atapita. Ndipo pomaliza, Ambuye Episkopi asafunse Bambo Mfumu okha za khalidwe lake. Afunsenso katekisti, agulupa ndi amayi a pamalopo, pakuti iwo ndiwo amaona ngati munthu apereka moni kwa osauka.

Tsopano ndifike pa pempho limene ena adzaliona ngati lolimba mtima. Maseminale ali ndi aphunzitsi odziwa Malembo koposa onse m'dziko muno, ali ndi mabuku, makalasi ndi malo ogona, ndipo nthawi ya tchuthi zonsezi zimakhala zotseka. Nanga n'chiyani chiletsa kuti masabata amenewo zitseko zitsegukire akatekisti, atsogoleri a miphakati ndi a mabungwe? Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha Ad Gentes cha m'chaka cha 1965, unayamika akatekisti, nupempha kuti sukulu zowaphunzitsa zichuluke ndi kuti alandire malipiro oyenera. Papa Francis, m'chaka cha 2021, anakhazikitsa ukatekisti kukhala utumiki woikidwa ndi Eklezia, wa amuna ndi akazi omwe. Sukulu za akatekisti zilipo, ndipo tiziyamika, koma sizingathe kufikira khamu lonse la atsogoleri a kumidzi. Makamaka ndiganizira amayi. Ndiwo adzaza matchalitchi athu, ndiwo asunga miphakati yambiri, ndiwo ayamba kufika pamaliro ndi kumalizira kuchoka. Koma pa maphunziro a Mpingo amaitanidwa kudzaphika. Wina adzati seminale ndi ya ansembe, ifuna bata. Zoona, ndipo n'chifukwa chake ndatchula tchuthi. Wina adzati ndalama zichokera kuti? Parishi imene itha kusonkha chimanga cha aseminale ingathenso kusonkha thumba la ufa ndi ndalama ya basi ya atsogoleri ake awiri. Ndipo aseminale a m'zaka zomaliza atatsalira kuthandiza pa maphunzirowo, wansembe wa mawa ndi katekisti wake adzakhala atadyera kale m'mbale imodzi asanakumane kuparishi.

Pali gulu linanso loiwalika. Mwa anyamata amene amalowa seminale yaing'ono, ambiri safika paguwa. Ine ndine mmodzi wa iwo. Ena akhala aphunzitsi, ena anamwino, ena a m'maofesi a boma, ena alimi. Eklezia anawadyetsa, anawaphunzitsa kupemphera, kuimba ndi kusunga nthawi, koma tsiku limene atuluka amaonedwa ngati mbewu yotayika, ndipo ena makolo awo amachita nawo manyazi. Seminale itavomera poyera kuti ikulera atsogoleri a mitundu iwiri, odzozedwa ndi osadzozedwa, bwenzi ikuwatsanzika anyamatawa ndi kalata yopita kwa Bambo Mfumu wa kwawo, yonena zimene mnyamatayo angathe kuthandiza. Mmenemo muli oimbitsa kwaya, alembi a parishi ndi akatekisti amene tikuwasowa.

Zambiri zimene ndalemba zili m'manja mwa Ambuye Aepiskopi, koma china chili m'manja mwanu, inu makolo. Mwana wanu akabwera kutchuthi kuchokera kuseminale, musayambe kumutcha Bambo nthawi isanakwane, musamuikire mpando wa ndalema pamene amalume ake akhala pamphasa, musamuletse khasu. Mutumeni kumphakati, akakhale kumbuyo, amve m'mene amayi amagawirana Mawu. Kukagwa maliro apite ndi anzake kukakumba manda. Ankhoswe akakhala pansi kukamba mlandu wa banja, mupempheni wamkulu wa bwalolo kuti mnyamatayo akhale pambali, atseke pakamwa, atsegule makutu. Ndipo inu a m'bungwe la parishi, pamene mutumiza matumba a chimanga kuseminale chaka chino, ikanimonso kalata yaulemu kwa Bambo Mkulu wa seminaleyo, yonena nthambi zimene muli nazo, kuti Misa imafikako kangati, ndi ntchito zimene atsogoleri anu akulephera chifukwa chosowa wowaphunzitsa.

Ine wanu mwa Kristu,
Katekisti.